Madzi Afika kwa Amayi Ako

Nkhata Bay boma,
Mwezi wa Malichi.

Kwa mwana wanga Loyce,

Rabson Longwe, mkulu wanga bere limodzi, akadali moyo. Ndayamba ndi iyeyo ndisanakupatse n'komwe moni chifukwa wandikhala pakhosi kuyambira chaka chimene tinaika amayi ako, ndipo sabata ino wandifinya koposa.

Tsono moni. Uli bwanji ku Dedzako, pamodzi ndi amuna ako a Mayamiko ndi ana? Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Ine kuno ndilipo, koma ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Miyendo yatupa, m'maso muli utsi. Ndikulemba m'Chichewa poti Chitonga unachisiya uli wamng'ono. Pamene ndaphonya uwongole wekha, sukulu ndinailekeza panjira.

Nkhani kuno ndi mvula. A pa wailesi akuti kunyanja yamchere ya ku Mozambiki kwabuka namondwe, ndipo ife tikungolandira mchira wake. Ngati uwu uli mchira, amene ali kumutu Mulungu awaone. Dzuwa taliiwala. Usipa ukuwolera pa thandala ku Mwaya, asodzi akokera mabwato kumtunda, chinangwa chimene tinavuula chachita nkhungu chisanaume. Minibasi za ku Mzuzu zikuyenda mwa apo ndi apo chifukwa dothi likugumukira mumsewu. Kumsika madzi ofiira akudutsa pansi pa mabenchi atanyamula tomato wa anthu.

Galimoto ya ku boma yakhala ikuzungulira ndi chimkuzamawu, kunena kuti ife a m'mphepete mwa makhwawa ndi a m'tsinde mwa mapiri tisamukire kusukulu, poti ikubwera ina yoposa iyi. Anzanga apita ndi mphasa zawo. Ine sindinapite, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Madzi afika pa manda a amayi ako.

Iwe unali wa kumsana pamene zinkachitika, ndipo a kwanuko mwina anakuuza mbali yawo yokha. Imva yanganso.

Rosina, mayi ako, anabwera kuno kuchokera ku Dedza kutsata mchimwene wake, amalume ako a Maganizo, amene anali mesenjala pa ofesi. Ankagulitsa mandasi padoko, ine ndikunyamula katundu wotsika mu sitima ya Ilala. Titagwirizana za banja, Rabson ndiye anapita ndi malowolo monga timachitira kuno. Amalume ako anakana kulandira. Anati kwawo mwana sagulidwa ngati mbuzi, mwamuna angomusunga bwino basi. Iwo ankayesa atichitira ulemu. Rabson anabwerako nkhope itagwa, nanena kuti mkazi waulere ndi wobwereka, tsiku lina eni ake adzamufuna. Ine ndinangoseka. Tinakwatitsa kutchalitchi, Rabson yemweyo anadya mpunga mbale ziwiri.

Amayi ako anamwalira mvula ikugwa ngati inoyi. Mlatho unali utaduka kunjira ya kum'mwera, kotero mtembo sukanatha kupita ku Dedza. Okumba manda ananyamula makasu kulowera kuphiri, kumene agona makolo athu. Rabson anawaimirira panjira. Anati manda a kwa Longwe ndi a amene a Longwe anawalowola, mlendo akagone kwa alendo. Ndinagwada m'matope, ndinamugwira miyendo pamaso pa anthu onse a pamaliro. Iye anandiuza kuti ndidzuke, ndikudetsa thalauza lobwereka.

Ndiye tinawaika kumunsi kwa munda wanga wa chinangwa, pafupi ndi kakhwawa. Maliro atatha a kwanu anakutenga, poti kwanu mwana ndi wa kuchikazi. Mwambo wa kwathu unandimana manda, wa kwanu unanditengera mwana, ine ndinatsala ndi munda.

Nthawi imeneyo kakhwawako mwana ankakalumpha. Koma anthu anadula mitengo kumtunda, anamanga nyumba za malata, ndipo madzi onse a m'madengamo amatsikira komweko. Lero ndi chigwembe choti munthu ataimirira pansi mutu wake suoneka. Dzinja lililonse chimaluma pang'ono. Ndinadzala udzu wa vetiva, ndinadzala nsungwi, ndinatuta miyala pamutu mpaka khosi linauma, ndinasanja matumba a mchenga. Sabata ino zonsezo zapita. Mtengo wa mango umene unali kumiyendo kwa manda wagwera m'madzi, mizu kumwamba. Ndikagoneka ndodo yanga kuchokera pa mwala wa kumiyendo, nsonga yake ikulendewera pa phompho. Dzulo masana ndaona mng'alu wina kuseri, cha kumutu.

Ndimakhala pomwepo nditafunda pepala la pulasitiki, kumvetsera dothi likugwa. Margaret, woyandikana nane uja, anabwera ndi phala m'kapu nandikalipira. Anati Ada Longwe, othawa madzi ndi amoyo, akufa alibe nawo ntchito, mukufuna tikakutoleni kudoko ngati chigubu? Ndinamuuza kuti n'chifukwa chake ndakhala pano, poti akufa sangathawe okha. Anatukwana m'Chitonga mawu amene sindilemba, koma kapu anaisiya.

Tsono pali china chimene mwina ukwiya nacho. Vitumbiko, mwana woyamba wa Rabson, ndi munthu wabwino, sanatengere bambo wake. Anabwera ali chinyowere nandiuza kuti walankhula kale ndi amfumu ndi a zaumoyo, ndipo onse avomera kuti tifukule mafupa tikawaike kuphiri. Anati amuna a makasu alipo, malo alipo pafupi ndi agogo ako. Anangopempha kuti tichite mwakachetechete, poti bambo ake akalamba, saona, sadzadziwa kanthu.

Ndinakana, Loyce.

Anandifunsa kuti Ada, kodi mukufuna manda kapena mukufuna mlandu? Ndinati amayi ako analowa m'banja la Longwe masana, kwaya ikuimba. Sakakwera phiri lija mozemba ngati katundu wakuba. Akagona bwanji pakati pa anthu amene Rabson, mwini manda, sanawauze kuti kukubwera mnzawo? Vitumbiko anayang'ana chigwembe, anayang'ana ine, napita akupukusa mutu. Ndikudziwa kuti akunditcha wouma mutu. Mwina ndine. Koma iye sanagwade m'matope muja.

M'mawa mwake ndinakwera ndekha kwa Rabson. Phazi langa linali lisanapondepo pakhomo pake chiikireni amayi ako. Ndinamupeza pakhonde atakulungidwa m'bulangete, maso oyera ngati a nsomba yophika. Anandizindikira ndi chifuwa. Anati kodi ndi Cyrus, wabwera kudzaona ngati ndafa?

Ndinamufotokozera zonse, za mango, za mng'alu, za mawu a pa wailesi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anaseka, nanena kuti ndisadandaule, madzi akungomutengera kwawo mkazi wa ku Dedza. Akalowa m'nyanja adzayandama mpaka ku Salima, ndipo kuchokera pamenepo Dedza ndi pafupi.

Ndodo inali m'manja mwanga. Sindinamumenye. Ndikukuuza kuti udziwe kuti bambo ako sanamenye wakhungu.

Nditatembenuka kuti ndizipita anandiitananso. Anati iwe Cyrus sindiwe mwini wa mtembowo, poti a ku Dedza ananena okha kuti mwana wawo sanatigulitse. Mwini wake ndi mwana amene anabereka. Anati Loyceyo abwere, akhale pansi apa, andipemphe ndi pakamwa pake, ndimve ngati mawu ake ali ndi kanthu ka kwa Longwe. Akatero ndidzaona.

Sananene kuti adzavomera. Anati adzaona, munthu wosaona. Koma zaka zonsezi sanatsegulepo chitseko ngakhale pang'ono chotere.

N'chifukwa chake ndalemba. Ndikudziwa kuti chimanga chili m'munda, ana ali pasukulu, ndipo misewu yaonongeka. Ndikudziwanso kuti ine kwa iwe ndine bambo wa m'makalata, amene unamuona kangapo kokha, ndipo amayi ako suwakumbuka nkhope. Ulibe mangawa ndi phiri lathu. Sindinakupemphepo kanthu, ngakhale pamene ndinagonekedwa m'chipatala chaka chatha sindinakuuze. Lero ndikupempha. Bwera. Ukafunse kudepoti ngati njira ya ku Nkhotakota ikudutsika. Ngati yaduka, zungulira ku Mzuzu. Usadikire kuti mvula ikate, poti chimene tikuthamangitsana nacho ndi mvulayo.

Kalatayi Vitumbiko aijambula pa foni kuti atumize kwa amuna ako, chifukwa ya papositi ingapeze zonse zitatha. Aiwerenge ngati akufuna, ndilibe chobisa. Ngakhale choncho mtima wanga ukundiuza kuti tachedwa. Pamene ndikulemba pano kunyanja kwadanso bii, ndipo chigwembe chikulira ngati lole yokwera chitunda. Ndapemphera, koma ndikamati ndinene kuti mutikhululukire monga ifenso tiwakhululukira, lilime limakana. Mwina Mulungu akundiyankha ndi madziwa.

Undiperekere moni kwa a Mayamiko, uwauze kuti yewo chifukwa chokusunga. Moni kwa adzukulu anga onse. Ngati amalume ako a Maganizo akumvabe, uwauze kuti mlongo wawo ndinamusunga bwino ali moyo monga anandiuzira, ndipo ndayesetsa atafa. Ambuye akudalitse, akutsogolere pa milatho yonse.

Chimene ndikufuna ndisanafe n'chimodzi, ndipo ukadzakhala pansi pamaso pa Rabson upemphe chimenechi, osati china. Kwathu kuno manda sakumbidwa mwini manda asanateme khasu loyamba. Ndikufuna Vitumbiko amugwire dzanja Rabson, akwere naye phiri dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Amupatse khasu. Ateme pansi yekha, ndipo potema atchule dzina, anene kuti pano pagona Rosina, mkazi wa kwa Longwe. Chibadwire sanalitchulepo. Akatero, ena onse akumbe, ine ndidzapita kusukulu kuja ndi mphasa yanga, ndipo imfa ikandipeze kulikonse.

Akakana, kapena iwe ukalephera kubwera, usadzavutike kundifunira malo kuphiri. Ndikhala ndili pa mwala wa kumiyendo kwa amayi ako.

Ndine bambo wako,
Cyrus Longwe