Homuweki ya Mwana Wanga

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene. Kuno tilipo, kungoti nyumba yandikulira chichokereni mtsikana wanga kudzaphunzira kwanuko.

Ndamva dandaulo lanu loti aphunzitsi akumupanikiza ndi homuweki mpaka kumasinza cholembera chili m'manja, ndipo inu msana ukuwawa chifukwa chokhala naye patebulo tsiku ndi tsiku. Pepani kwambiri. Ine wanga msana uli bwinobwino. Tebulo ndimangolipukuta, wolidetsa palibe.

Achimwene andiuza kuti pamsonkhano wa makolo munaimirira n'kunena kuti, "Mwana wanga akuwonda nayo ntchitoyi," anthu n'kukuomberani m'manja. Munayankhula bwino. Ine pamenepo ndilibe mawu, poti mukumusunga ndinu.

Lamlungu ndinamuimbira foni. Anati, "Ndikuimbirani, tikupanga masamu ndi amami." Ndimati ndifunse kuti amami ake ati, koma foni inali itaduka kale.

Ndamva kuti makolo ena akufuna homuweki ichepe, ena akuti ikhale momwemo. Inu mukaime ndi ofuna kuchepetsawo, alamu. Mwina akapeza mpata adzakumbukira kuti anati andiimbira.

Ndine mlamu wanu,
uja anam'bereka.