Manda atatu ofanana

Loweruka, 2 Novembala. Tsiku lonse mitambo, mvula osagwa. Mumtima muli zii.

Lero ndapita ndekha kumanda a kumishoni. Chaka chilichonse amayi ankakasesa manda a wansembe amene anawalandira ali mwana, pothawa nkhondo ku Mozambiki. Ankati anawapatsa bulangete ndi phala, osawafunsa mpingo wawo. Ine ndinkangowanyamulira tsache n'kuwadikira pachipata. Amayiwo tinawaika mu Ogasiti.

Ndapeza manda a ansembe alipo atatu, ofanana, opakidwa laimu mpaka mayina osaoneka. Dzina la wansembe wa amayiyo sindilidziwa n'komwe. Amayi ankangoti "Abambo aja."

A katekisiti anali pomwepo, akuzula udzu. "Mukufuna ati, achemwali?" Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa, ndiye ndinangoti, "Onse." Anaseka. "Koma ndiye mwabwera ndi mphamvu!"

Ndasesa onse atatu, m'makona momwe. Ndimayesa ndilira, koma misozi sinabwere. Kandulo ndinali nayo imodzi yokha, ndipo sindinadziwe poyatsa. Ndabwerera nayo, ili m'thumba mwangamu.

A Nabanda akuseriku anathawa limodzi ndi amayi. Mwina akudziwa. Koma ndikayamba bwanji kuwauza kuti zaka zonsezi sindinafunsepo...