Kakoma pa Chiliza cha Abambo

Okondedwa alongo anga a Filimoni,

Muli bwanji kumeneko ku Zemba? Nanga mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine ndi ana tili bwino, kungoti madzi kuno ku Chawama akutuluka mwa apo ndi apo.

Ndiyambe ndi yabwino. Kuntchito kwathu kosindikiza makhadi andichotsa kopinda mapepala. Tsopano chilichonse cha Chingerezi chimayamba chadutsa m'maso mwanga chisanalowe m'makina. Abwana akuti ndili ndi diso, ndipo sindibisa, ndikuyenda chonyada. Ntchito yanga yaikulu ndi kupalira tikoma, tizizindikiro topumira tija, poti anthu amangotimwaza ngati akufesa mawere.

Inunso matenda ake ndi omwewo. Aphunzitsi a Jonasi ankati kakoma kaikidwe paliponse popuma mpweya, ndiye inu mumapuma ngati mukukwera chitunda ndi njinga ya thonje. Mawu a pa chiliza cha abambo amene munatumiza pafoni ndawawerenga, ndipo ndinagwetsa misozi. Tikoma tambirimo n'tongodzaza malo, koma kamodzi kandisowetsa mtendere.

Pamzere wotchula mkazi wa malemu mwaika kakoma pakati pa Lefina ndi Tisauke. Ife tikudziwa kuti onsewo ndi maina a amayi, laubatizo ndi lakumudzi. Koma m'Chingerezi kakoma kotero kamalekanitsa anthu, ndiye wodutsa pamanda adzawerenga akazi awiri. Kumbukirani kuti abambo athu a Yosiya anali mkulu wa mpingo, ndipo anakana mitala abale atawakakamiza muja amayi anachedwa kuona mwana. Amayi sadziwa Chingerezi, koma tsiku lovundukula chiliza adzukulu adzawawerengera pamaso pa anthu.

Pempho langa ndi limodzi. Munati wosema mwala kuboma ayamba Lolemba. Mupalase njinga mukamuone nokha, osatuma munthu, mpaka muone ndi maso kuti wakachotsa. Papepala timafufuta, pamwala ayi. Tikoma tinato mukatikonda tisiyeni, sindikangana nanu.

Moni kwa amayi, alamu anga, amalume ku Mlolo ndi ana onse. Wosemayo akafunsa chifukwa, mumuuze kuti ukwati wa abambo ndi amayi unalibe koma, ndiye asawaikire lero.

Ndine mlongo wanu,
Esnat