Mfuti Yaifupi ya Mervis

Bangwe, Blantyre
9 Meyi, 2022

Okondedwa achimwene Hamis,

Ndikhulupirira muli bwino kumpotoko pamodzi ndi alamu anga ndi adzukulu onse. Kuno tilipo, kungoti Bangwe wayamba kale kuzizira, ndipo bondo langa lija limadziwa za chiperoni wailesi isananene. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati tili m'zaka zakale. Ndikakuimbirani foni mumangoti "Mwati? Mwati?" mpaka mayunitsi kutha. Makutu amenewo munawasiya ku renji yowomberako mfuti kalekale, musakane.

Nkhani ndi ya mwana wanga Mervis, amenenso ndi wanu, uja munkamunyamula pakhosi tikukhala ku malaini a asilikali. Ali m'gulu limene labwera pa kampu yanuyo kudzakonzekera ulendo wa ku Kongo, ndipo akuti anyamuka mwezi uno usanathe. Popeza inu anakusiyani kosungira mfuti ngakhale munapuma usilikali, ndikudziwa kuti mfuti yake idutsa m'manja mwanu.

Anabwera kudzatsanzika sabata yatha. Mayi ake anapha nkhuku, amvano a kumpingo anabwera kudzamupempherera, nyumba inadzaza. Anthu atabalalika tinatsala awiri pakhonde, ndipo ine ndinamufunsa kuti, "Akupatsani iti?"

Iye anati, "Yaifupi, adadi."

Achimwene, mtima unangoti phwii. Ndinabwerera m'chaka chija aphunzitsi akunja anatibweretsera mfuti zamitundu iwiri, nkhope imodzi koma ina yaitali ina yaifupi. Mukukumbukira mmene tinkakanganira pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa khitchini? Inu munkakonda yaifupi, mukuti siikola m'zitseko za galimoto ndipo m'tchire lowirira umatembenuka nayo msanga. Ine ndinkati mumaikonda chifukwa inu ndi iyo msinkhu ndi umodzi. Koma chilungamo chake munkachidziwa. Chipolopolo chikamathamanga mumpope, gasi wina amatulukira pa kabowo, nkubwerera m'kapaipi kukakankha zitsulo kuti chipolopolo china chilowe. Pa yaitali kabowoko kali kutali, ndiye gasi amafika atazizirako, nkukankha mwaulemu. Pa yaifupi kabowo kali pafupi, gasi amabwera wamoto ndi waukali, amamenya zitsulo, amasiya mwaye wambiri, ndipo ukaiiwala kupukuta imakukanira tsiku loipa. Munkati, "Ndiye uziipukuta, Luckson, ulesi basi." Ndimalakalaka masiku amenewo, ngakhale nyemba zake zinali zofumbwa.

Zonsezi ndinamukhuthulira mwana pakhonde paja. Ndinathyola mapesi awiri a papaya, lalitali ndi lalifupi, ndikumuuzira mpweya padzanja kuti amve kusiyana kwake. Anaseka, nati, "Adadi, zimenezi anatiphunzitsa. Masiku ano kuli ina ya kapaipi kapakatikati, mukanagwirizana ndi ankolo Hamis." Ine sindinaseke. Ndinapitiriza za mwaye ndi mafuta mpaka tiyi anazizira.

Tsono pali chinthu chimene inu nokha mungachimvetse. Mwambo wathu uja wosinthana mfuti tisananyamuke. Inu munkatenga yanga, ine yanu, aliyense nkuitsegula, kuisuzumira padzuwa, kupisa chala. Ukakhutira umabweza kwa mwini wake nkunena kuti, "Yayera." Sitinkauzana kuti uyende bwino, tinkati mawu amenewo ndi a pa depoti ya basi. "Yayera" inkakwanira, ndipo sitinainenepo tisanaone ndi maso, ngakhale tsiku lija mvula inkatikhuthukira galimoto ikulira kutidikira.

Mwambowu ndinabwera nawo kunyumba. Mervis ali ku pulaimale ankaima pakhonde m'mawa uliwonse, miyendo pamodzi, ine nkuyendera nsapato zake. Ndikati "Zayera," ankathamangira kusukulu akusekerera. Ndikakhala chete ankabwerera yekha kukatenga bulashi. Anakula nazo zimenezo mpaka Fomu 4.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anatuluka atavala yunifomu, chikwama kumsana, nkudzaima pamalo pomwe paja, miyendo pamodzi. Jombo zake zinkawala moti ndinaonamo malata a khonde. Anandiyang'ana, akudikira. Ine ndinaziona jombozo, ndinazionadi, koma "Zayera" sindinanene. Ndinkadziwa kuti ndikangotchula mawu aja atembenuka nkumapita. Ndiye chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Usaiwale, yaifupi imadetsa msanga."

Anadikirabe pang'ono. Kenako anati, "Ndamva, Sajeni," nkutsika masitepe. Sanandiitanepo choncho chibadwire.

Mayi ake anamuperekeza mpaka pa siteji ya minibasi. Pobwera sanalowe nkomwe m'nyumba, anandipeza pomwepo. Anati, "Bambo a Mervis, mwana wapukuta jombo zija kuyambira mbandakucha, polishi wake anachita kukagula ku Limbe. Inu mwamupatsa mwaye kuti ukhale kamba wa paulendo?" Mpaka lero akandipatsira madzi osamba amangoika ndowa osanena kanthu, ndipo sindikuwadandaula.

Ndayesa foni kawiri. Amayankha mwaulemu, amafunsa za bondo, ine nkuyambanso za mafuta a mfuti ngati wolodzedwa. Mayi ake, Doreen, akuti ndingonena mawuwo pa foni pomwepo. Akazi athuwa sadziwa. Ndinganene bwanji kuti yayera chinthu chimene sindikuchiona? Mervis angadziwe kuti ndi mawu ongomusangalatsa, poti ndinamulera ndine. Ndinaganiza zokwera basi, koma adokotala akuti bondoli lisayende ulendo wautali, komanso pa geti sangalole nkhalamba yopuma kukagwira mfuti ya boma.

Ndikuopa, achimwene, ndinene mosabisa. Inu ndi ine tikudziwa kuti si onse amabwera akuyenda okha. Sindikufuna mwana wanga akalowe m'nkhalango za eni akuganiza kuti bambo ake anamuyendera nkumupeza wosakwana.

Pempho langa ndi ili. Tsiku limene adzabwere kudzatenga mfuti yake, musaipereke pawindo ngati ya wina aliyense. Mutuluke nayo panja. Muitsegule iye akuona, muisuzumire padzuwa, mupise chala m'mene mumabisala mwaye, muone ngati kapaipi sikanapindike. Musamuchitire chifundo chifukwa ndi wanga. Ikakhala yakuda mubwezereni akapukutenso, sadzakwiya. Koma mukakhutira, muiike m'manja mwake ndipo munene mawu athu aja mokweza, mmene mumalankhulira masiku ano poti simudzimva. Maso anu ndinawakhulupirira ndi moyo wanga zaka zonse zija, ndiye akhale maso anga tsiku limenelo.

Za mkangano wathu, mwapambana ndinu. Yaifupi ndi yabwino m'nkhalango, ndavomera, koma musakauze anthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chigumu chawo sindinachiiwale. Moni kwa mwana wanu Habibu ndi ana ake. Doreen akupereka moni kwa nonse, ngakhale ine sakundilankhula kwenikweni. Ndipo Mervis akafunsa kuti wakutumani ndani, musatalikitse nkhani. Mungomuuza kuti jombo zija adadi ake anaziona, ndipo zinayera.

Ndine mbale wanu wa mfuti yaitali,
Luckson Namaona