Unayamba Liti Kuwatchula Iwe?

Besançon, France
6 Novembala 2008

Wokondedwa mng'ono wanga Lefina,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu nonse kwathu ku Santheko. Amayi akupeza bwanji ndi bondo lija? Nanga iwe, msana sunathyoke ndi makeni othirira nazale ya fodya? Ine kuno thupi lili bwino, kupatula kuzizira ndi chinthu china chimene ndikuuze pansipa.

Mu envulopumu muli makalata awiri. Ya pepala lobiriwira ndi ya amayi, imeneyo uwawerengere mokweza monga umachitira. Inoyi ndi yako wekha. Usaiwerengere pakhonde, ndipo ukamaliza usaisiye pawindo.

Kuno kwayamba kuzizira koopsa. Kuzizira kwa mu Juni kumene timadandaula nako kwathu kuja n'kwamasewera. Mitengo yonse yayoyola masamba, koma eni dziko akuti chisanu chenicheni sichinafike. Ndikukhala m'nyumba ya mayi wina wamasiye, ndimangowatchula kuti Madamu. Ndi munthu wabwino mtima, koma zakudya zake! Buledi ndi wautali, wouma ngati chikuni, ndipo pali tchizi china chimene iwe utamva fungo lake ungati m'nyumba mwafera khoswe. Ndimadya, nanga ndichita bwanji.

Sukulu yake ndi yovuta mwamtundu wina. Tsiku loyamba anatisainitsa pepala lolonjeza kuti miyezi isanu yonseyi tizilankhula Chifalansa chokhachokha, m'kalasi, kunyumba, ngakhale pogula sopo. Chingerezi n'choletsedwa, Chichewa ndiye osanena. Amangotilola foni imodzi Lamlungu, ija mumandimvera ija. Chifalansa chimene ndinkadzitama nacho ku koleji ku Zomba chinathera pabwalo la ndege pomwe, moti masiku ano ndimalankhula ngati mwana wa zaka zitatu. Pali chilembo cha r chimene iwo amachitulutsira pakhosi ngati akufuna kulavula, ine lilime limangothawira ku l. Madamu ataona chithunzi cha alamu ako a Raymond pambali pa bedi langa, anati dzina limenelo ndi lakwawo kuno, la madala akale, ndipo anandibwerezetsa kakhumi kuti ndizilitchula bwino. Ndinawauza kuti kwathu mudzi wonse umati a Lemondi ndipo eni ake amavomera.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndawapambana nacho anzanga m'kalasi. Afalansa ali ndi iwe ndi inu ngati ife tomwe. Iwe amati tu, inu amati vous. Anzanga ochokera ku America zikuwazunguza mutu, amatha kunena iwe kwa aphunzitsi, inu kwa galu. Ine aphunzitsi anandiimika kutsogolo kuti ndifotokoze mmene zimakhalira kwathu, ndipo ndinafotokoza mpaka anandiwombera m'manja. Kenaka iwo anawonjezera kuti kuno mwamuna ndi mkazi akuluakulu sachoka pa inu kupita pa iwe mwangozi. Pamakhala tsiku lake, wina amapempha, mnzake n'kulola. Anati ukamva awiri amene dzulo ankatchulana inu lero akutchulana iwe, udziwe kuti pachitika kanthu. Tonse tinaseka, ine ndemwe ndinaseka kwambiri. Limenelo linali Lachisanu.

Lamlungu masana ndinaimba foni ya a Raymond monga mwa nthawi zonse, iwo n'kuwapatsira amayi. Amayi anayamba kundifotokozera za makuponi a feteleza, kuti chaka chino dzina lawo latuluka, ndipo kuti iwe ndi alamu ako munavutika masiku awiri pamzere kudepoti mpaka matumba onse awiri munafika nawo pakhomo. Mtima wanga unali mbee. Ndiye kumbuyo kwawoko ndinamva mawu ako, Lefina. Unali kuseka, n'kukuwa kuti, "Iwe Lemondi, tabweza mpango wangawo!" Iwo anayankha kuti ubwere udzaulande wekha ngati uli ndi mphamvu.

Ndinawafunsa amayi kuti kukuchitika chiyani. Anati ndisalabadire, ndi awiriwa, tsiku lililonse phokoso lake ndi lomweli. Tsiku lililonse! Ine ndimadziwa zoti a Raymond amabwera Loweruka kudzathandiza kuthirira ndi Lamlungu kudzapereka foni, basi. Kuchokera kusukulu kumene amaphunzitsako kufika kwathu ndi ola lathunthu panjinga, mchenga wokhawokha. Zina zonse zimene amayi ananena pambuyo pake sindinazimve.

Ndikuuza mosabisa, ndili ndi nsanje. Yandigwira moti Lolemba aphunzitsi anandifunsa funso katatu ine osamva, maganizo ali kwathu. Chakudya chikukanika kutsika. Madamu anaganiza kuti ndi malungo ochokera nawo kwathu, mpaka anafuna kundiperekeza kuchipatala. Ndinayesa kuwafotokozera ndi Chifalansa changa chothyokathyokachi za chilamu, kuti kwathu mwamuna amatha kutchula mng'ono wa mkazi wake kuti mkazi wanga, anthu n'kumangoseka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa ngati nanenso ndikuseka.

Ndikudziwa zimene uyankhe. Unena kuti n'zachilamu chabe, ine ndayamba kuganiza chizungu. Koma ndakulira m'mudzi momwemo, Lefina, usandione ngati mlendo. Msuweni wathu Ezelina amasewera ndi alamu ake kuposa aliyense, amawabisira nsapato, amawanena ulesi pagulu, koma nthawi zonse amati inu alamu. Tsiku limene ndinkanyamuka iwe unachita kugwada powapatsa a Raymond madzi osamba m'manja, maso ali pansi. Papita miyezi iwiri yokha.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Ine ndakhala nawo paubwenzi zaka zitatu, chikole anapereka amalume a Yobu akudziwa, ndipo mpaka lero sindinawatchulepo iwe, ngakhale tikhale awiriwiri. Ndinkati ndiwo ulemu wake. Komanso kuseka kumene anaseka Lamlungu kuja, kochokera m'mimba, ine sindinakumvepo. Akakhala ndi ine amakamba za mayeso anga, za nyumba ya malata, za tsogolo. Akakhala ndi iwe amalanda mipango.

Kumudziko anthu amati Tithokoze ndi wamwayi, wakwera ndege. Iwenso unalira nditasankhidwa, unati ine ndikupita kwa azungu iwe watsala ndi phula la fodya m'manja. Sindinaiwale kuti sukulu unasiyira Fomu 2 abambo atamwalira kuti ine ndipitirize, ndipo ndi chifukwa chake kalata ino ndaing'amba kawiri ndisanafike pano. Koma sabata ino wina atandilola, ndingakupatse jekete ili, chipinda chino ndi Chifalansa chonsechi, ine n'kutenga makeni ako awiriwo. Ndikamayenda m'misewu yokongolayi sindiona kanthu, ndimangoona iwe uli pakaliyala ya njinga yawo, wagwira malaya awo kuti usagwe pamchenga. Ndipo amene anawapempha kuti aziyang'anira pakhomo ine ndikachoka ndi ine ndemwe. Ndinachita kuwachonderera, iwo akuti ntchito yachuluka. Ndikakumbukira zimenezo ndimadzida ndekha.

Pempho langa ndi limodzi. Undilembere kalata ndi dzanja lako. Usandiyankhe pafoni, poti foniyo ndi yawo ndipo amakhala ali pomwepo. Undiuze tsiku limene unayamba kuwatchula iwe, munali kuti, ndipo anayamba ndani. Ngati palibe kanthu undikalipire, unene kuti sukulu yandipengetsa, ndidzavomera, ndipo ndidzakupepesa ndi nsapato zofiira zimene ndakuonera kale m'sitolo ina kuno. Koma ngati kanthu kalipo, usadikire kuti ndidzadzionere ndekha potsika basi pa Santhe mu Januwale, anthu akundiyang'ana ndi maso achisoni. Amalume akuti chinkhoswe chichitike fodya akagulitsidwa. Ndiyenera kudziwa ngati ndikubwera kudzasoketsa diresi kapena kudzabweza chikole. Ukaiponya kupositi sabata yomwe ulandire inoyi, indipeza Khirisimasi isanafike.

A Raymond sindinawafunse ndipo sindiwafunsa. Iwo ndi mphunzitsi, pakamwa m'pawo, angandikhazike mtima pansi ndi mawu awiri ine n'kukhulupirira. Iwe bodza sulitha, ndipo ngakhale utayesa papepala ndidzadziwa.

Upereke moni kwa amayi, uwauze asiye kunyamula keni, bondolo silingapole choncho. Moni kwa amalume a Yobu ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Chamama ngati abwera kudzathandiza kuwokera fodya, kwa Ezelina ndi ana, ndi kwa anzathu onse a kwaya. Kwa alamu ako sindikukutuma moni, poti sindikudziwa kuti ukawapatsa ndi mawu ati.

Chibadwire chako ndimakutchula iwe. Ndinkakubereka kumbuyo amayi ali kumunda ndikukutchula choncho, ndipo palibe wina padziko amene mawu amenewa amandikomera pomuitana ngati iwe. Ndikupempha Mulungu kuti kalata yanga yotsatira isadzayambe ndi inu.

Ndine mkulu wako,
Tithokoze