TV Sinabedwe, Ndapita Nayo ku Limbe

Amake Maziko,

Musakuwe, m'nyumba muno simunalowe akuba. TV yaikulu ija ndanyamula ndine, ndaikulunga m'bulangete lanu lofiira. Pepani, ndi lomwe linali pafupi.

Vuto ndi girafikisi khadi ndinaika m'kompyuta dzana lija, lojambula zithunzi za gemu. Ndinalitenga poona mafani ake atatu, za memori osafunsa. M'mawawu ndimati ndiyese gemu ya mpira pa 4K, zithunzi zazikulu zooneka bwino kwambiri za TV yathuyi, pokonzekera mpikisano wa Loweruka ku shopu kwathu. Mayo ine! Osewera akuyenda modukizadukiza, nkhope zawo ngati phala, goloboyi miyendo alibe. Kani memori yake ndi magiga anayi basi, pomwe zithunzi zazikulu chonchi zimafuna malo ambiri. Mafaniwo akungokupiza mphepo.

Koma musadandaule. Onesimo, wokonza makompyuta ku Limbe uja, ali ndi la magiga khumi ndi awiri, losaoneka bwino koma lamphamvu. Wavomera kuti tisinthane ndikamuwonjezera monita yakale ya kompyuta ija. Ulendo uno za pabokosi sindikhulupiriranso, ndikaliyesa pa TV yathu yomweyi ndione ndi maso angawa.

Kompyuta ndaisiya yotsegula patebulo. Chonde musapukute m'kati, ndipo timasikuluwu tili m'sosalamo si zinyalala.

Sindinaiwale kuti amayi a mphakati abwera folo koloko kudzaonera vidiyo ya kwaya yanu. Ndifika nthawiyo isanakwane. Koma minibasi ya ku Chilomoni ikachedwa kudzaza, ingowaimbirani nokha. Inu mawu anu sadukiza.

Wanu wa mafani atatu,
Willard