Siketi za Mzime Wathu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndikhala ndikukunamizani.

Nkhani ndi ya mzime wathu. Paja amagulitsa m'sitolo ya akulu awo a amuna anga, eni ake a nyumba tikukhalayi. Mwezi watha, dzuwa likuswa mtengo, anamutuma kuchipinda chosungira katundu, n'kumulondola, n'kumugwirira.

Atandiuza ndinathamanga naye kuchipatala. Namwino anamupatsa mankhwala omuteteza ku kachilombo ndi mimba. Anamuuzanso pamaso panga kuti iye sanalakwe chilichonse, ndipo akafuna kukadandaula kupolisi, achipatala adzamuchitira umboni.

Kunyumba tinapeza zina. Amuna anga akuti za m'banja sitiyanika pabwalo, tikangoponda kupolisi tigona panja, ine ndi makina anga osokera omwe. Apongozi akuti mtsikana wa siketi yolekeza m'mawondo amaziputa yekha. Mwanayu anamva ali kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake anandiunjikira siketi zake zonse, akuti ndizitalikitse. Yemwe uja ankatiseka kuti inu ndi ine timavala makatani! Ndinamasula mipendero. Anabweranso, akuti zikadali zazifupi, ndinalumikiza nsalu ina kumunsi. Pano zikusesa pansi.

Achemwali, ndapanikizika. Bambo a sitolo aja m'mawa uliwonse amadutsa pakhonde pomwe ndimasokera, makiyi akulira m'manja, n'kundipatsa moni. Ine ndimayankha. Mzime akangomva makiyiwo amakadzitsekera m'bafa mpaka atachoka.

Dzulo wabwera nazonso siketi zija, ndakana. Ndamuuza kuti vuto silinali siketi. Wandifunsa kuti nanga bwanji iwo akuyenda momasuka, iye ndiye wobisala m'bafa? Ndinangomukumbatira.

Kupolisi akufuna kupita, wanena yekha, palibe wamukakamiza. Koma akuti sangathe akugonabe pansi pa denga la munthu yemweyo. Nchifukwa chake ndakulemberani. Chonde bwerani mudzamutenge, chipinda chija mumasungiramo zakale chimukwanira. Tidzayambire kupolisi, inu mbali iyi, ine mbali inayi, iye pakati. Za ine ndi makina anga musade nazo nkhawa, singano ndili nayo, manja ndili nawo.

Mukafika musamupanikize ndi mafunso, adzafotokoza yekha akadzafuna. Mungomuuza kuti mwamukhulupirira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti mayi awo aang'ono akubwera. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pa ulendowu.

Musaiwale kumutengera diresi lake lofiira lija analisiya kwanuko, lolekeza m'mawondo lija. Limenelo sindidzalikhudza ndi singano. Ndikufuna ndidzamuone atalivalanso.

Ine mng'ono wanu,
Telala wa pakhonde